Analowa Chisilamu anthu 23, lero oswali ndi asanu: tichite chiyani?

Funso la lero lachokera kwa mkulu wina wa komiti ya mzikiti ku Bangula, ndipo mwachidule akuti: "Madzi a namondwe Freddy ataphwa mu 2023 tinawoloka Shire kupita kumudzi wina wa kufupi ndi Makhanga titanyamula ufa, nyemba ndi mabulangete. Tinalalikira masiku atatu, ndipo anthu 23 anatamula shahada, mawu a umboni olowera Chisilamu. Titabwererako posachedwapa tapeza kuti oswali ndi asanu okha, ena anabwerera ku mipingo yawo, ena angokhala, ndipo gogo wina wamkazi anamwalira n'kuikidwa popanda janaza, swala ya maliro, ife osamva. M'komiti mwathu ena akuti timange mzikiti, ena akuti tiitanitse shehe ku Mangochi, enanso akuti anthuwo ankangofuna ufa, ndiye tipite midzi ina. Tichite chiyani?"

Waalaikum salaam, bambo. Mwa maganizo atatu amene mwatchulawo palibe limene ndingakulangizeni kuti muyambire, ndipo lachitatulo, lopita midzi ina, ndikupemphani kuti mulisiye kaye mpaka mutatha kusamalira mudzi woyambawu. Anthu asanu amene akhala akuswali nthawi yonseyi popanda mwalimu, popanda mzikiti, pakati pa abale amene sakuwamvetsa, ndi chuma chachikulu kuposa momwe komiti yanu ikuganizira, ndipo ntchito yonse iyenera kuzikidwa pa iwo.

Mawu akuti anthuwo ankangofuna ufa akundivuta, chifukwa akuchotsa mlandu pamutu pathu n'kuusenzetsa anthu amene anali atangotsika kumene m'mitengo ndi pazulu. Munthu amene nyumba yake yagwa, mbuzi zake zapita ndi madzi, ana ake agona ndi nyika m'mimba, mukamuikira thumba la ufa patsogolo n'kumufunsa tsiku lomwelo ngati akufuna kulowa Chisilamu, simungadziwe ngati wayankha ndi mtima kapena ndi njala, ndipo mwina iye mwini sangathe kusiyanitsa. Qur'an mu Surah Al-Baqarah ndime 256 ikunena kuti m'chipembedzo mulibe kukakamiza, ndipo njala imakakamiza molimba kuposa mkwapulo. Komanso tilibe ufulu woweruza mitima yawo: pamene Usama bin Zaid anakayikira shahada ya munthu wina ponena kuti anaitamula chifukwa cha mantha, Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anamudzudzula kwambiri pomufunsa ngati anang'amba mtima wa munthuyo kuti aone zimene zinali m'kati. Njira yoyenera ndiyo kulekanitsa zinthu ziwirizi. Thandizo la pangozi lidzere kwa a mfumu ndi komiti ya m'mudzi, lifike kwa aliyense wovutika, Mkhristu ndi wa makolo yemwe, ndipo ulaliki udzabwere tsiku lina muli manja lendelende, kuti wobwera kudzamva adziwe kuti palibe chimene anyamule pobwerera.

Wina m'komitimo anena kuti Surah At-Tawbah ndime 60, potchula magulu asanu ndi atatu oyenera kulandira zakaat, ikutchulanso anthu amene mitima yawo ikulimbikitsidwa pa Chisilamu. Zimenezo n'zoona, koma gawo limenelo si ndalama yogulira shahada, ndipo Umar bin Khattab, mtsogoleri wachiwiri wa Asilamu pambuyo pa Mtumiki, analeka kupatsa akuluakulu ena amene ankalilandira ataona kuti chifukwa chake chatha. Kuno kwathu woyenera gawolo ndi munthu amene wataya kanthu chifukwa cha chikhulupiriro chake, monga mayi amene waleka kutcheza kachasu pamene ndi momwe ankapezera ndalama ya sopo ndi chigayo.

Muyenera kukumbukiranso kuti Chigwa cha Shire si Mangochi. Chisilamu chinazika mizu m'Malawi kudzera kwa a Jumbe ku Nkhotakota kuyambira m'zaka za m'ma 1840, ndi kwa mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda m'zaka za m'ma 1870, ndipo ngakhale kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 pa anthu 100 alionse m'dziko muno, ambiri mwa iwo ali m'maboma a kum'mawa ndi m'mbali mwa nyanja. Kumeneko mudzi wokha umaphunzitsa mwana, pakuti amadzuka ndi azana yoitanira swala, amaona agogo ake akutawasa (kusamba kokonzekera swala), ndipo maliro onse amene amapitako ndi a Chisilamu. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje mizikiti yambiri ili m'malo a malonda a m'mbali mwa msewu waukulu, pamene m'midzi ya Amang'anja ndi Asena mipingo inakhazikika kalekale ndi sukulu zake ndi zipatala zake, kachisi wa Mbona ku Khulubvi akulemekezedwabe, ndipo ambiri amaona Chisilamu ngati chipembedzo cha Ayao ndi amwenye a m'masitolo. Munthu wolowa Chisilamu m'mudzi wotere amatsala yekha bwato lanu likangochoka padooko. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo inu munali mame a masiku atatu.

Choncho chofunika choyamba ndi mwalimu wokhala pompo. Anthu a ku Yathrib, mzinda umene lero ndi Madina, atalowa Chisilamu, Mtumiki asanasamukire kumeneko mu 622, Mtumiki anawatumizira Mus'ab bin Umair kuti akakhale nawo ndi kuwaphunzitsa, ndipo Malik bin Huwairith ndi anyamata anzake atakhala ku Madina masiku 20, anawauza kuti abwerere kwa abale awo akawaphunzitse ndi kuswali nawo. Njira yachiwiriyi ndiyo ikukuyenerani. Shehe wochokera ku Mangochi angakhale wophunzira bwino, koma Chisena sachimva, kutentha kwa mwezi wa October kopitirira madigiri 40 sanakuzolowere, banja lake lili kutali, ndipo malipiro akachedwa miyezi iwiri mudzangomva kuti anapita kukaona odwala kwawo ndipo sanabwerere. Kuwonjezera apo, kubwera kwake kudzatsimikizira mudzi wonse kuti chipembedzochi ndi cha alendo. Tengani awiri mwa asanu aja, mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, makamaka ngati pali banja, adzakhale nanu ku Bangula milungu itatu m'nyengo imene ntchito ya kudimba yachepa, muwaphunzitse zochepa koma mozama, kenaka abwerere, ndipo chaka chilichonse azibweranso kudzawonjezera. Mkaziyo musamuone ngati wongoperekeza. M'midzi imeneyi abambo amakhala masiku ambiri ku Dambo la Njovu kukapha nsomba kapena ku ganyu ya nzimbe ku Nchalo, ndipo wotsala ndi ana, wophika chakudya, wosambitsa maliro a akazi, ndi mayi. Mtumiki anapatula tsiku lophunzitsa akazi okha iwo atamupempha, ndipo ife timalakwa tikamakhala pansi pa mtengo ndi abambo okha n'kumayembekeza kuti maphunziro akafika okha kumoto. Dokotala wina wa ku Kuwait, Abdul Rahman al-Sumait, amene ntchito yake ya mu Africa inayambira m'Malawi muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 n'kudzabala bungwe la Africa Muslims Agency, amakumbukiridwa chifukwa cha zitsime ndi sukulu, komanso chifukwa chakuti ankakhala nthawi yaitali pakati pa anthu amene ankawalalikira.

Zophunzitsazo zikhale ndi ndondomeko yake. Potumiza Mu'adh bin Jabal ku Yemen, Mtumiki anamuuza kuti ayambe ndi umodzi wa Mulungu, anthu akavomera awauze za swala zisanu, akavomeranso ndiye awauze za zakaat. Mayi Aisha, mkazi wa Mtumiki, nawonso ananena kuti chikhala kuti lamulo loyamba kutsika linali loletsa mowa, anthu akanati sitidzausiya mpaka kalekale, ndipo tikudziwa kuti mowa unaletsedwa pang'onopang'ono mpaka pa ndime 90 ya Surah Al-Ma'idah. Ine ndinaphunzira zimenezi mochedwa, ndiponso mochititsa manyazi. Ndili mnyamata wongochoka kumene ku madrasa ndinapita kumudzi wina wa kumadzulo kwa Ngabu, kumene bambo wina wachikulire anali atalowa Chisilamu sabata yomweyo. Anandilandira pamkeka pansi pa mtengo wa nimu, mkazi wake anabwera ndi nsima ya mapira ndi makakana owamba, koma tili pakati pa kudya ndinamva nkhumba zikulira m'khola kuseri kwa nyumba. Ndinasiya mbamu m'mbale, n'kumuuza pamaso pa mkazi wake ndi ana ake kuti Msilamu saweta zinthu zimenezo, ndipo zichoke Lachisanu lisanafike. Bamboyo anawomba m'manja mwaulemu, nati "takhuta", n'kundiperekeza mpaka pamsewu atandigwirira njinga. Sanabwerenso kudzaswali. Patapita nthawi ndinamva kuti nkhumba zinayi zija ndizo zinkalipirira mwana wake wamkazi sukulu ya sekondale. Lamulo ndinalinena molondola, pakuti nkhumba ndi haramu ndipo palibe shehe angasinthe zimenezo, koma ndinalinena kwa munthu amene anali asanaphunzire n'komwe kuwerama pamaso pa Mwini lamulolo, ndinamunyazitsa pakhomo pake, ndipo sindinabwere ndi mbuzi ngakhale imodzi yoti ilowe m'malo mwa zimene ndinkamulanda. Lero ndikakumana ndi nkhani ya nkhumba, uchema kapena mbewa, sindibisa choona munthu akandifunsa, koma ndimayamba ndi swala, ndipo komiti ndimaiuza kuti igule mbuzi ziwiri zazikazi zoti zikaswa ana apatsidwe kwa wotsatira.

Pa swala penipenipo chepetsani zolemetsa. Amene sanaloweze Al-Fatiha, surah yoyamba ya Qur'an imene imawerengedwa pa swala iliyonse, asaleke kuswali podikira kuti aidziwe, pakuti Mtumiki analola munthu wolephera kuloweza Qur'an kuti azitamanda Mulungu ndi mawu afupiafupi monga Subhanallah, Alhamdulillah ndi Allahu Akbar kufikira ataphunzira. Qibla, mbali ya ku Makka imene timayang'ana poswali, kuchokera kuno ili kumpoto, kupendekera pang'ono chabe kum'mawa, choncho munthu akaima dzuwa lotuluka lili kudzanja lake lamanja wayang'ana pafupifupi koyenera, ndipo mukapita ndi foni yoloza mbali mukhomeretu zikhomo ziwiri pansi kuti asamakayike. Madzi a Shire ofiira ndi dothi amaloledwa kutawasira, chifukwa dothi silichotsa ukhondo wa madzi, koma muwachenjeze kuti azitunga n'kukatawasira kutali ndi gombe, pakuti nthawi ya Fajr (m'bandakucha) ndi ya Maghrib (dzuwa litangolowa) ndi imene ng'ona zimadikirira padooko. Kwa odziwa kuwerenga, Qur'an yotanthauzidwa m'Chichewa ndi Sheikh Khalid Ibrahim ilipo, ndipo kwa osadziwa, jambulani mawu a swala pa memory card pang'onopang'ono, ndi tanthauzo lake m'Chisena kapena m'Chimang'anja, kuti azimvera pafoni kapena pawailesi yaing'ono, kuphatikiza pa mapulogalamu a Radio Islam kumene imamveka.

Pali zinthu ziwiri zimene timathamangira pamene sizofulumira. Dzina la munthu lisasinthidwe pokhapokha ngati tanthauzo lake ndi loipa kapena lopembedza china, pakuti Chikondi, Madalitso ndi Chisomo ndi maina abwino, ndipo dzina la bambo ake ndi la mtundu wake lisakhudzidwe, monga Surah Al-Ahzab ndime 5 ikulamula kuti anthu aziitanidwa ndi maina a abambo awo. Mdulidwe nawonso, ngakhale kuti m'chiphunzitso cha malamulo cha Imam Shafi'i chimene ambiri timatsata kuno ndi wokakamizidwa kwa mwamuna, suli chinthu chimene chimayenera kuchitika kuti shahada ilandiridwe, ndipo bambo wa zaka 50 asauzidwe za jando sabata yoyamba. Nthawi yake ikakwana apite kuchipatala, kumene ntchitoyi imachitika mwaukhondo. Ramadan m'zaka zino ikugwa m'miyezi ya February ndi March, pamene nkhokwe zili zopanda kanthu ndipo njira zatsekedwa ndi madzi, ndipo inu mukukumbukira kuti ya 2023 inayamba patangopita masiku ochepa Freddy atadutsa. Tsono chakudya chofutulira muwatumizire mitsinje isanadzaze, ndipo muwaphunzitse kuti odwala, apaulendo, apakati ndi oyamwitsa ali ndi chilolezo chomasula n'kudzabweza.

Nkhani ya abale ndiyo imagwetsa ambiri. Amene analowa Chisilamu akadali mwana wa mudziwo, ndipo tsiku limene madzi adzabwerenso adzakwera bwato la mlamu wake, osati lanu. Mayi ake a Sa'd bin Abi Waqqas anakana kudya pofuna kuti mwana wawo asiye Chisilamu, komabe Surah Luqman ndime 15 ikunena kuti makolo otere asamveredwe pa nkhani yophatikiza Mulungu ndi zina, koma akhalidwe nawo mwaubwino pa dziko lino, ndipo Asma bint Abi Bakr atafunsa za mayi ake amene sanali Msilamu anauzidwa kuti asunge ubalewo. Choncho aphunzitseni kupita kumaliro a anansi awo, kukumba nawo manda, kusonkha ufa ndi nkhuni, kulima nawo m'munda wa odwala, n'kudzipatula mwaulemu pokhapo pamene pakuthiridwa nsembe kwa mizimu. Za Mbona, za gule ndi za mipingo pasatuluke mawu achipongwe pakamwa pa aliyense wa inu, pakuti Surah Al-An'am ndime 108 ikuletsa kunyoza zimene ena amapembedza. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wa chipembedzo, koma m'mudzi ufuluwo umayenda bwino mukayamba mwagwada pakhomo pa a mfumu. Pa za ana, dziwani amene ali ndi mawu: kwa Amang'anja musalembe mwana ku madrasa musanalankhule ndi malume ake, amene ndi mwinimbumba, pamene kwa Asena, kumene lobola imapereka ana kuchimuna, mawu ali kwa bambo ndi abale ake. Mwamuna amene mkazi wake watsala ku tchalitchi asauzidwe kuti amusiye, pakuti Surah Al-Ma'idah ndime 5 ikuloleza ukwati wotere. Koma mayi amene walowa Chisilamu mwamuna wake asanalowe, nkhani yake ndi yolemera, ndipo isagamulidwe ndi mnyamata wolalikira ataimirira pabwalo. Ipite kwa mashehe akuluakulu amene adzamve mbali zonse ndi kuganizira za ana. Aja anabwerera ku mipingo yawo muziwapatsa moni monga kale, muzilowa m'nyumba zawo, ndipo mawu akuti murtad, kutanthauza wotuluka m'Chisilamu, asamveke m'mudzimo.

Tsopano za gogo uja, zimene zandikhudza kuposa zonse m'kalata yanu. Kusambitsa, kuveka sanda, kuswalira ndi kuika Msilamu ndi udindo wa gulu lonse, umene ena akauchita onse apepukidwa, koma ukasiyidwa onse odziwa ali ndi mlandu. Abale ake sanalakwe pomuika monga momwe amadziwira, ndipo asanu aja sakanachita zimene sanaphunzitsidwe. M'midzi yathu munthu amayeza chipembedzo pofunsa kuti ndikafa adzandiika ndani, ndipo mipingo imadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amayi a mvano amafika pasiwa usiku womwewo ndi nyimbo zawo. Anthu 17 amene anazilala aja anaona maliro a gogoyo, anaona kuti palibe Msilamu anawoloka, ndipo aliyense anadziwerengera yekha. Komabe pali chimene mungachite. Panali mayi wina amene ankasesa mumzikiti wa Mtumiki, ndipo atamwalira usiku anthu anamuika osamuuza. Mtumiki atamusowa anafunsa chifukwa chimene sanamudziwitsire, nati amulozere manda ake, n'kukamuswalira pomwepo. Inunso pitani kwa abale a gogoyo ndi chipepeso m'manja, mupepese chifukwa chosabwera, mupemphe chilolezo kwa iwo ndi kwa a mfumu, pakuti kumanda salowako mwachisawawa, ndipo akalola mukaime pamandapo pamodzi ndi asanu aja n'kumuswalira. Swala ya janaza ili ndi takbira (kunena Allahu Akbar) zinayi, ilibe kuwerama kapena kugwetsa nkhope pansi, ndipo munthu angaiphunzire tsiku limodzi. Musanachoke musiye nsalu ya sanda yokwanira anthu awiri kwa mayi wodalirika, muphunzitse abambo awiri ndi amayi awiri kusambitsa maliro, musiye nambala za foni za anthu atatu a komiti, ndipo aliyense wa Asilamuwo anene pamaso pa abale ake ndi a mfumu, akadali moyo, momwe akufuna kudzaikidwira, kuti pasadzakhale kulimbirana mtembo. Mukambiranenso za mkazi wamasiye, kuti Chisilamu chimamupatsa edda, nthawi yodikira asanakwatiwenso, ya miyezi inayi ndi masiku khumi, ndipo mwambo wa kulowa kufa, umene malamulo a dziko ndi mafumu ambiri a kuno akuuletsa, sayenera kukakamizidwa kuuchita.

Mzikiti wa njerwa udikire. Mzikiti wa Mtumiki ku Madina unali wa mizati ya mitengo ya tende ndi denga la makwata ake, ndipo mvula ikagwa ankagwetsa nkhope m'matope. Chisakasa cha udzu kapena cha masamba a mgwalangwa, pamalo okwera amene a mfumu apereka pamaso pa mboni, n'chokwanira anthu asanu ndi ana awo, makamaka podziwa kuti dera la Makhanga limamira kawirikawiri, monga zinachitikira mu 2015, 2019, 2022 ndi 2023, ndipo boma lakhala likulimbikitsa anthu a kumeneko kusamukira kumtunda. Kwa a Shafi'i swala ya Jumu'ah, ya pa Lachisanu, imafuna amuna 40 okhazikika pamalopo, choncho pakadali pano Lachisanu aziswali Dhuhr, swala ya masana ya masiku onse, pamodzi n'kumvera phunziro lalifupi. Ndikudziwa kuti opereka thandizo amakonda chinthu chojambulika chokhala ndi chikwangwani cha dzina lawo pakhoma, ndipo kupempha ndalama ya sopo ndi njinga ya mwalimu n'kovuta kuposa kupempha malata, koma ndaona mizikiti yopaka laimu ili yokhoma, mileme ikugona m'kati, chifukwa woitana azana kunalibe. Dziwitsani atsogoleri a m'boma lanu a Muslim Association of Malawi kapena a Qadria Muslim Association of Malawi za mudziwu, ndipo kwa ana amene adzakhoze bwino kusukulu funsirani thandizo ku Islamic Zakaat Fund, koma mikangano yathu ya zikiri pamaliro ndi sadaka ya masiku 40 muisiye tsidya lino, chifukwa munthu amene akulimbana ndi Al-Fatiha sayenera kufunsidwa kuti ali mbali iti.

Ulendo wotsatira muukonze mvula isanayambe, pa Mtayamoyo, powolokera kupita ku Makhanga, pakadali powoloka mosavuta. Mupite anthu atatu okha, mmodzi akhale mayi ndipo mmodzi akhale wolankhula Chisena, munyamule sanda, ketulo yotawasira, mkeka ndi chakudya chanu chokha, mukagone m'mudzimo masiku osachepera anayi, ndipo pochoka mukatchule pamaso pa a mfumu tsiku la mwezi wotsatira limene mudzabwerenso.